Doom Eternal: gemu imene imayendera magazi

Munthu amene sanasewerepo Doom Eternal akangoona kavidiyo kake kakafupi, chimene chimamutsalira m'maso ndi magazi basi: mitu ikuphulika, matumbo ali panja, chiwanda chikung'ambidwa pakati ngati nsalu yakutha. Zonsezo zilimodi, ndipo zilimo zambiri kuposa zimene kavidiyo kangaonetse. Koma ine amene ndaisewera mpaka kumapeto ndaona chimene woonerera chabe sangachidziwe. Magaziwo sanangothiridwa pamwamba kuti adzidzimutse anthu. Mukawachotsa, gemuyi singayende n'komwe.

Anaipanga ndi a id Software, omwe aja anatulutsa Doom yoyamba mu 1993, ndipo iyi inatuluka pa 20 Marichi 2020 kudzera ku kampani ya Bethesda. Nkhani yake si yovuta. Kampani ya m'nkhanimo, UAC, inkapopa mphamvu ya ku Gehena ili ku Mars, khomo linatseguka, ndipo tsopano ziwanda zadzaza dziko lapansi. Wosewera amakhala Doom Slayer, msilikali wa zovala zachitsulo zobiriwira, wosachedwa ndi zolankhula.

M'magemu ambiri owomberana, moyo ukachepa umabisala kuseri kwa khoma n'kudikira kuti ubwerere. Muno ukabisala wafa. Chiwanda ukachiwomba mokwanira chimayamba kudzandira, thupi lake n'kumathwanima buluu, ndipo ukayandikira kuwalako kumasanduka kwa olenji. Ukadina batani pamenepo, Slayer amachimaliza ndi manja kapena ndi mpeni wa pamkono wake wamanzere, ndipo m'thupi lophwanyikalo mumatuluka moyo woti utole. Zimenezi amazitcha Glory Kill. Zipolopolo zikatha umatulutsa macheka a injini n'kudula chiwanda pakati, zipolopolo n'kumwazika mbwee. Ukafuna zodzitetezera umayamba wachiyatsa moto ndi kamfuti ka paphewa kotchedwa Flame Belch. Ndiye kuti nkhondo ikafika povuta, pafupifupi chilichonse chokusunga ndi moyo chili m'kati mwa mdani, ndipo njira yochitengera ndi kumutumbula.

Titenge Cacodemon, chiwanda chobulungira chouluka, cha diso limodzi ndi kukamwa kodzaza mano. Ukhoza kuchithira zipolopolo zambirimbiri, koma wodziwa amangochiponyera bomba m'kamwa. Chimameza, n'kuyamba kudzandira m'malere momwemo. Umalumphira, Slayer n'kugwira diso lija n'kulizula, phokoso lake lonyowa likumveka bwinobwino m'mahedifoni. Zonsezi zimatenga sekondi imodzi kapena awiri, ndipo pa kanthawi kameneko palibe chimene chingakupweteke. Mpamene umapezera mpweya, n'kuona pamene Arachnotron, chiwanda chooneka ngati kangaude, yaima ndi mfuti yake yapamsana, n'kusankha kolowera. Nkhanza imeneyo ndiyo mpumulo wa wosewera, ndipo amene anaganiza zimenezi ankaidziwa ntchito yake.

Ngakhale mabala ali ndi uthenga. Ziwanda wamba zilibe kamzere kosonyeza moyo umene zatsala nawo. M'malo mwake mnofu umayoyoka pang'onopang'ono pamene ukuwomba, ndipo ukaona Mancubus, chiwanda chonenepa chija cha mizinga m'manja, chili nyama zolendewera ndi mafupa poyera, umadziwa kuti chatsala pang'ono kugwa. Umawerenga thupi lowonongekalo kuti udziwe ngati usinthe mfuti kapena ulimbikire yomweyo.

Pa kaseweredwe, ndi ochepa magemu owomberana amene ndingawaike pambali pa iyi. Liwiro lake limakugwira pakhosi. Mfuti ya mipope iwiri ili ndi mbedza imene imakukokera kwa mdani, ndipo ukaizolowera umangokhala m'malere. Mdani wotchedwa Marauder, amene amatchinga chilichonse ndi chishango mpaka maso ake atawala mobiriwira, amakuphunzitsa kudekha pakati pa chipwirikiti. Zimene sizinandigwire mtima ndi zigawo zolumphalumpha pamakoma ndi zolemba zitalizitali za mbiri ya a Sentinel, ankhondo akale a m'nkhanimo, zimene zimangozimitsa moto nkhondo itangoyamba kukoma.

Magazi a m'gemuyi ali pawiri, ndipo sindikuwaika pa muyezo umodzi. A ziwanda ndi okokomeza dala, ofiira psuu, otuluka limodzi ndi tinthu towala ta mitundumitundu. Pali ngakhale Glory Kill ina imene Slayer amangomenya zombi pamutu, mutuwo n'kulowa m'chifuwa. Zotere sizinandisokoneze mtima. Koma pali malo otchedwa Nekravol, mzinda wa ku Gehena kumene anthu ogwidwa amazunzidwa kuti mizimu yawo ifinyidwe n'kukhala mphamvu. Kumeneko mumaona anthu m'zikwere, mitembo itaunjikana, ndipo simukuwomba aliyense wa iwo, mukungodutsa. Pamenepo tsemwe linandigwira, ndipo ndinachotsa kaye mahedifoni. Ndi chigawo chopangidwa mwaluso, koma ndi cholemera, ndipo amene amati gemuyi ndi katuni chabe sanafike kumeneko. Komanso tisaiwale kuti mazombi amene timawadula ndi macheka kuti tipeze zipolopolo anali anthu. Ena akadali ndi nsanza za zovala zawo.

Chimene chinandiganizitsa kwambiri ndi mmene diso limazolowerera msanga. Koyambirira, pamene Slayer akudula mutu wa wansembe wa ku Gehena, Deag Nilox, ndinachita kutsinzina. Pofika ku Super Gore Nest, kumene mzinda wonse wakutidwa ndi mnofu wamoyo, ndinali nditasiya kuona matupi. Ndinkangoona moyo apa, zipolopolo apo. Ine ndine wamkulu, ndimadziwa chimene gemu ikuchita ndi maso anga, ndipo ndikazimitsa kompyuta zimatsalira momwemo. Mwana wa zaka khumi sindingamuyese nazo.

Sindili m'gulu la amene amati gemu imasandutsa munthu chigawenga. Bungwe la American Psychological Association linanena mu 2020 kuti palibe umboni wokwanira wolumikiza magemu achiwawa ndi chiwawa chenicheni, ngakhale linati pali kaubale kakang'ono ndi khalidwe laukali monga kukalipa ndi kukankhana. Koma kusakhala chigawenga si muyezo wokhawo. Pali tulo ta mwana, pali zithunzi zimene zimakhazikika m'mutu. N'chifukwa chake zilembo za pachikuto ndimazilemekeza. Ku America bungwe loika zilembo za msinkhu pa magemu la ESRB, limene linakhazikitsidwa mu 1994 aphungu a Senate atakangana za magemu monga Mortal Kombat, linaipatsa Doom Eternal chilembo M, kutanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo. Ku Ulaya a PEGI, amene amagwira ntchito yomweyo, anaika 18. Pa gemu iyi sanakokomeze ngakhale pang'ono.

Ngati ndinu wamkulu wokonda magemu othamanga ofuna mutu ndi zala kuyendera limodzi, igulani, ndipo yambani pa mlingo wosavuta kwambiri wa Hurt Me Plenty kuti muphunzire kusinthasintha macheka, moto ndi Glory Kill musanakwere ku Ultra-Violence. Ngati magazi amakuchititsani nseru, musaganize kuti kutsitsa mlingo kukuthandizani, chifukwa kumangofewetsa adani koma diso la Cacodemon lidzazulidwabe chimodzimodzi. Ndipo ngati m'nyumba muli ana, mahedifoni okha si okwanira. Sikirini nayo isayang'ane kumene iwo akhala, makamaka mukafika ku Nekravol.