Monita ya kaunjika ndi nkhani ya font, patapita chaka ndi miyezi

Mnzanga wina wophunzitsa ku Mchinji wandifunsa ngati agule monita ngati yangayi kwa mkulu amene anandigulitsa ine pano pa Kasungu boma. Nayenso wayamba ntchito yongodzipereka yokonza zolakwika m'mabuku akale ojambulidwa pa sikana, ndipo maso akumuwawa ndi kasikirini ka laputopu. Pa foni sindinathe kumufotokozera zonse.

Ntchitoyi ili chonchi: buku likajambulidwa, pulogalamu ya OCR imasandutsa chithunzi cha tsamba kukhala mawu otayipidwa, koma imaphonya malo ambiri. Ife timaika chithunzicho pambali pa mawuwo n'kumafananiza mzere ndi mzere. Ine ndimathandiza ku Distributed Proofreaders, gulu lomwe linayamba mu 2000 ndipo limakonza mabuku opita ku Project Gutenberg, laibulale ya pa intaneti ya mabuku aulere. Pena ndimakonzanso timabuku takale ta Chinyanja ta kumpingo kwathu.

Monitayi ndinaigula pakati pa chaka cha 2023 pa K95,000. Ndi ya mainchesi 24, imatembenuka n'kuima choongoka moti tsamba lonse limakwana, ndipo kuwala kwake kumachepetseka bwino usiku. Pa zimenezi ndilibe dandaulo.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti monita payokha sinachepetse zolakwika zimene zinkandidutsa. Zinachepa nditasintha font, kutanthauza kaonekedwe ka zilembo pa sikirini. Poyamba ndinkawerengera mu Arial, momwe l wamng'ono ndi I wamkulu ndi timizere tiwiri tofanana. Mu Times New Roman vuto limasamukira pa l ndi 1, komanso r ndi n zikagundana zimaoneka ngati m. OCR imasochera pa malo omwewa: imalemba "modem" pomwe buku likuti "modern", imaika 0 m'malo mwa O, ndipo ngati font yako ikubisa kusiyanako, diso limangodutsa. Anzanga a pagululi anandilozera font yotchedwa DP Sans Mono. Chilembo chilichonse chimatenga malo ofanana, ndiye rn amakhala m'zipinda ziwiri pomwe m ali m'chipinda chimodzi. Ziro ali ndi chizindikiro m'kati, l ali ndi kamchira, I ali ndi mapazi. Si yokongola ayi, sindingalembere kalata ya ukwati, koma cholakwika chimaonekera patali. Ndipo ndi yaulere.

Pa timabuku ta Chinyanja ndimagwiritsa font ina yotchedwa DejaVu Sans Mono chifukwa ili ndi ŵ. Font imene ilibe chilembochi imakuonetsa kabokosi, kapena kompyuta imachibwereka ku font ina n'kukhala chopendekeka pakati pa zinzake. OCR imakonda kutaya kachipewa ka ŵ, imatayanso kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi, kapena kukasandutsa kadontho. Tizinthu timeneti ndi tating'ono kwambiri, moti timafuna sikirini yakuthwa. Apa ndi pomwe monita yanga yandikhumudwitsa.

Itatha miyezi isanu kapena kuposerapo, polowetsa chingwe cha HDMI panayamba kuvuta. Ndili m'kati mowerenga, sikirini inkangoda bii, ndikagwedeza chingwe n'kubwerera. Ndinagula chingwe china, vuto silinasinthe. Kenako panafa kotheratu. Pomwe panatsala ndi pa VGA, ndipo laputopu yanga ilibe polowetsa VGA, ndiye panafunika kachipangizo kolumikizira. HDMI imatumiza chithunzi monga chilili, pomwe VGA ndi njira yakale ya analog, ndipo ndi kachipangizo kotchipa m'mphepete mwa zilembo mumakhala kachifunga. Woonera filimu sangazindikire. Koma ine ndinaona kachipewa ka ŵ katasanduka kathimbiriro, ndipo koma ndi fulusitopu zinayamba kufanana. Ndinayesa batani lokonza chithunzi palokha, ndinatsimikiza kuti muyeso wa kuthwa kwa chithunzi uli pa 1920 ndi 1080, zinasinthako pang'ono chabe. Panopa ndimakuza zilembo kwambiri, zomwe zikutanthauza kuti mzere wautali umaduka pawiri ndipo sufanananso ndi wa pachithunzi. Tsamba lomwe ndinkamaliza tiyi asanazizire tsopano limanditengera nthawi, ndipo madzulo mutu umalemera.

Ndinabwerera nayo kwa wogulitsa uja. Tsiku logula anandilonjeza pakamwa kuti ikavuta m'miyezi itatu adzandisinthira, ndipo pa risiti panangolembedwa mtengo. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma yankho linali lakuti: "Aphunzitsi, miyezi itatu ija inatha, komanso magetsi athuwa mukuwadziwa mmene amabwerera." Ndinamuuza kuti, "Achimwene, monitayi imakhala pa chotetezera magetsi chomwe munandigulitsa inu nomwe." Anaseka, kenako anandichotserako K3,000 pa kachipangizo ka VGA, ine n'kulipira K12,000. Anatinso angathe kundipezera bolodi lina la m'kati mwa monita ku Lilongwe, koma mtengo sangaunene chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa makompyuta amasintha mtengo pafupipafupi. Pamenepo sananame. Chomwe chimandipweteka n'chakuti ndikamuimbira amangoti sabata yamawa.

Masiku ena, ndikaona tsamba lonse litaima patsogolo panga, ndimati ndalama yanga sinapite pachabe. Masiku ena ndikawerengera K95,000, chingwe, kachipangizo ndi mayunitsi oimbira, mtima umawawa.

Ndiye kwa inu achimwene a ku Mchinji: yambani mwaika DP Sans Mono pa laputopu yanuyo, mukuze zilembo, muone kwa mwezi umodzi. Mukafunabe monita, pitani ndi laputopu kushopuko, muyese pa HDMI ndi pa VGA pomwe, mutsegule tsamba lokhala ndi ŵ ndi ng', ndipo lonjezo la miyezi lilembedwe pa risiti. Kwa mkulu ameneyu musapereke ndalama yoposa imene mungapirire itatayika. Ine bolodi lija likapitirira K40,000 sindikonzetsa, ndisunga ndalamayo ndidzagule yatsopano.