Kusiya fodya kamodzi n'kamodzi: njirayi imaoneka bwanji pakatha miyezi 6

Kutaya ndudu tsiku limodzi, osayamba wachepetsa, osagwiritsa ntchito mankhwala, ndi njira yosadya ndalama ndipo imagwira ntchito. Koma tinene chilungamo: mwa anthu 100 oyesa okha popanda thandizo lililonse, amene amafika miyezi 6 mpaka chaka asanasutenso ndi atatu mpaka asanu basi. Ambiri amagwa m'masiku oyambirira, ena amagwa pambuyo pake chifukwa sanauzidwe pomwe pali dzenje.

Sabata yoyamba aliyense amaidziwa. Chibaba chimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu: mutu kuwawa, kupsa mtima ndi tinthu tating'ono, tulo kusowa. Pakatha masabata awiri mpaka anayi, zambiri zimazilala. Chibaba chikabwera sichikhalitsa, mphindi zitatu mpaka zisanu chapita. Imwani kapu ya madzi pang'onopang'ono, chokani pamalo pamene chakupezerani, tafunani chimanga chokazinga.

Pali zina zimene zimadzidzimutsa anthu. Chifuwa chimatha kukula kaye, chifukwa timaubweya ta m'njira ya mpweya tayambanso kusesa makhololo. Koma chikapitirira masabata awiri, muli ndi thukuta usiku, mukuwonda kapena mukulavula magazi, musati ndi fodya akutuluka. Pitani ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe kapena chipatala chapafupi akakuyezeni TB. Kudzimbidwa nakonso kumabwera, ndipo ndiwo zamasamba, papaya ndi madzi ambiri zimathandiza. Khofi ndi tiyi wowirira muchepetse ndi theka. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa kafeini msanga, ndiye mukasiya, kapu yomweyo imagunditsa mtima n'kukulandani tulo, inu n'kumati ndi chibaba. N'chimodzimodzi ndi mankhwala monga clozapine ndi olanzapine (a matenda a maganizo) komanso theophylline (wa mphumu): amachuluka m'magazi, choncho amene amamwa awa auze dokotala asanasiye.

Dzenje lina lili pakati pa mwezi wachiwiri ndi wachisanu ndi chimodzi, thupi litakhala kale m'malo. Apa nikotini, chinthu cha mu fodya chimene chimayambitsa chibaba, adatuluka kalekale, chatsala ndi chizolowezi. Mowa wa Lachisanu ku mabala a ku Bwandilo, ku Lilongwe. Kugona pa maliro usiku wozizira wa June, amuna atazungulira moto, ndudu ikuyenda dzanja ndi dzanja. Kudikira minibasi kudzaza mu depoti, wogulitsa ali pawindo pomwepo. Ndudu kuno zimagulitsidwa imodziimodzi, ndipo zimenezi n'zoopsa kwambiri kwa wosiya, chifukwa mtima umati "sindikugula paketi, ndi kamodzi kokha". Kamodziko kamadzutsa chibaba chonse, ndipo nthawi zambiri munthu amabwerera pa mlingo wake wakale. N'chifukwa chake timati mowa muupumire miyezi itatu yoyamba, ndipo pa maliro khalani mbali ya osasuta, mtedza uli m'thumba. Anzanu auzeni poyera kuti asakupatseni ngakhale mutapempha.

Thupi limanenepa, nthawi zambiri makilogalamu 4 kapena 5 pa chaka, makamaka miyezi itatu yoyamba. Mandasi ndi maswiti musaziike m'malo mwa ndudu. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, muyende mphindi 30.

Zopindula zake n'zenizeni. Mpweya woipa wa carbon monoxide umatsika m'maola 12, kubanika ndi kutsokomola kumachepa pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9, ndipo pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka. Amene wagwa kawiri kapena katatu ndi njirayi asaumirire yekha. Afunse ku famase za chingamu kapena zomata pakhungu za nikotini, asankhe tsiku lina pasanathe masabata awiri.