Kabolodi ka AD9833: sine wave yosalala popanda thukuta

Ndinatha miyezi ndikupanga sine wave (funde la magetsi lokwera ndi kutsika mosalala) ndi PWM (kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi mwachangu) ya kabolodi ka Arduino Uno, n'kumaisefa ndi resistor ndi capacitor. Pa oscilloscope, makina oonetsa maonekedwe a funde, inkangotuluka ya manomano ngati sowo. Nditatopa ndinagula kabolodi ka AD9833, kachipangizo kopanga mafunde a magetsi.

Mawaya atatu a SPI (njira yolankhulirana ndi Arduino), basi kayamba ntchito. Kali ndi wotchi ya 25 MHz (yogunda ka 25 miliyoni pa sekondi), ndipo frequency (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi) umaisuntha pang'onopang'ono, ngakhale ndi 0.1 Hz yokha. Pa 1 kHz funde lake ndi losalala moti ndinangokhala n'kumaliyang'ana.

Ukakweza frequency m'pamene pali nkhani. Pa 5 MHz funde lililonse limangopangidwa ndi masampulo (timadontho) 5 poti wotchi ndi ya 25 MHz, timasitepe timaonekeratu, choncho fyuluta ya low-pass (yochotsa ma frequency okwera) sungaithawe. Votejinso ndi yochepa, pafupifupi 0.6 V, ine ndinachita kuwonjezera op-amp, kachipangizo kokulitsa voteji.