Snare yoyamba: yachitsulo, yamatabwa, kapena Acrolite yakaunjika?

Mnyamata amene wayamba kuphunzira ng'oma kutchalitchi kwathu anandipeza titangomaliza mapemphero, ndikupinda mawaya a sipika. Anati, "Achimwene, ndasungako kandalama. Ndigule snare iti?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa minibasi inali kudikira, koma yankho lenileni ndi lalitali, ndipo ndikudziwa kuti si iye yekha amene ali ndi funso limeneli.

Waganiza bwino kuyambira pa snare, ng'oma yaing'ono ija yokhala ndi mawaya pansi pake amene amaipangitsa kulira mothetheka. Ng'oma zonse za pa seti simungazigule tsiku limodzi, koma snare mumainyamula m'chikwama, mumaphunzirira kunyumba, ndipo kulikonse kumene mwaitanidwa mumaichotsa ya eni malo n'kuikapo yanu. Ndi imene imamveka kwambiri m'nyimbo.

Ine yanga yoyamba ndinagula yopanda dzina m'sitolo ina m'tauni, yonyezimira ngati poto watsopano. Inali ndi mabawuti 6 okha okungira chikopa. Ukamenya nyimbo ziwiri, bawuti ya kumene ndodo imagwera inali itamasuka kale, ng'oma n'kumalira ngati chidebe. Chogwirira chokwezera mawaya apansi chinathyoka mvula yoyamba isanathe, moti ndinamaliza chaka chonse mawayawo ali omanga ndi chingwe cha nsapato. Choncho zopanda dzinazi sindiziika n'komwe pa mpikisano uno. Zimene ndikuyerekeza ndi zinayi, zonse za makampani odziwika, zonse za mtengo wapansi.

Yoyamba ndi yachitsulo ya mainchesi 14. Pano ndikunena monga Yamaha Stage Custom Steel, Tama Metalworks, Ludwig Supralite ndi Mapex MPX yachitsulo. Chitsulo chimalira mokweza ndiponso mowala, ndipo liwu lake limachedwa kuzima. M'tchalitchi cha malata mmene kiyibodi ili pamwamba, gitala ya bezi ikugunda, kwayala ikuimba ndi mtima wonse, koma ng'oma zilibe maiki, snare yachitsulo imaboola phokoso lonselo n'kukafika kumpando wakumbuyo. Imapiriranso. Mukaigwetsa potsika minibasi, mwina ingapindike pang'ono koma siing'aluka. Mdani wake ndi dzimbiri: nyengo ya mvula mukaisiya m'chipinda chonyowa, mabawuti ndi mkombero zimayamba mawanga ofiira. Kansalu kouma ndi kadontho ka oyilo pa bawuti iliyonse zimathetsa nkhaniyo. Pa zonsezi ine ndimakondera ya Yamaha, chifukwa ili ndi mabawuti 10 mbali iliyonse, ndipo kwa wophunzira zimenezi n'zofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Mabawuti akachuluka, chikopa chimakungika mofanana kuzungulira konse, ndipo imodzi ikamasuka pang'ono anzake oyandikana nayo amagwirabe.

Chodandaulitsa pa chitsulo ndi kulira kotsalira kuja, "tiiing" amene amapitirira ndodo itachoka kale. Oyamba kumene amadana nako, amaganiza kuti ng'oma yawonongeka. Si choncho. Kutali ndi ng'oma, pakati pa zoimbira zina, kulira kumeneko ndi kumene kumaipatsa moyo. Kukakunyansani, pali timphira tomata totchedwa Moongel, kapena ingoikani chikwama chanu cha ndalama m'mphepete mwa chikopa. Amene anakulira kumudzi sangadabwe nazo, paja agogo athu ankamata phula pakati pa ng'oma kuti liwu litsike.

Yachiwiri ndi yamatabwa. Zotsika mtengo zambiri ndi za matabwa a poplar, monga Tama Woodworks, pamene Yamaha Stage Custom Birch ndi ya birch, ndipo Mapex ndi Pearl ali nazo za maple zosaboola thumba kwenikweni. Liwu la matabwa ndi lofunda, lonenepa, losabaya m'khutu. M'chipinda chaching'ono, kapena pojambula nyimbo, kapena m'nyimbo zodekha zolambira, yamatabwa imakoma kuposa yachitsulo, sindingakane. Mukagoneka ndodo pachikopa n'kumenya mkombero, mmene amachitira a reggae a ku Chileka, "kho" wake amatuluka wokhuta. Koma matabwa ndi matabwa. Chinyezi chimawatupitsa, kutentha kwa mu Okutobala m'buti ya galimoto kumatha kumatula zimene anamata, ndipo m'mphepete mmene chikopa chimakhalamo mukangobenthuka, ng'omayo siidzachunikanso bwino mpaka mutapeza mmisiri wodziwa. Ngati snare yanu izikhala pamalo amodzi, m'nyumba youma, tengani yamatabwa mosaopa. Ngati izikwera kabaza kupita ku maukwati, ganizani kawiri.

Palinso chinthu china: ngati mudzagule seti yathunthu m'tsogolo, nthawi zambiri imabwera ndi snare yake, ndipo kawirikawiri imakhala yamatabwa omwewo a seti. Kugula yachitsulo lero ndiye kuti mawa mudzakhala ndi mawu awiri osiyana.

Yachitatu ndi piccolo, kaja kopyapyala ka mainchesi 13 m'lifupi ndi 3 kuya kwake, konga kachitsulo ka Pearl. Kamakopa chifukwa n'kotsika mtengo, n'kopepuka, ndipo kamathetheka ngati chikwapu. Ngati snare yachiwiri yoika kumanzere, n'kabwino. Ngati yoyamba ndi yokhayo, ayi. Kali ndi liwu limodzi basi, lapamwamba. Mukakamasula kuti kalire monenepa kamangofooka.

Yachinayi ndi imene ndimailota: Ludwig Acrolite yogwiritsidwapo kale ntchito. Ludwig anaitulutsa mu 1963 ngati ng'oma ya ana asukulu ku America, yaaluminiyamu, mainchesi 14 m'lifupi ndi 5 kuya kwake, mabawuti 8. Inali mng'ono wake wotchipa wa Supraphonic, ija ankamenya John Bonham wa Led Zeppelin. Ana ambiri amene makolo anawagulira anaisiya patangopita chaka, n'chifukwa chake zakale zilipo zambiri m'misika ya zinthu zakaunjika ya kumeneko. Aluminiyamu ali pakati pa chitsulo ndi matabwa: liwu lake ndi louma, limathetheka n'kuzima msanga, lopanda "tiiing" wautali uja. Sagwira dzimbiri lofiira ngati chitsulo, ngakhale mkombero ndi mabawuti ake, poti n'zachitsulo, zimafunabe kupukuta. Ndi yopepuka, ndipo imamvera mukaikunga pamwamba kapena pansi. Akatswiri ambiri amajambulira nyimbo pa ng'oma ya ana asukuluyi mpaka lero. Vuto n'kuipeza. Kuno siimapezeka wamba, ndipo mtengo wake wakwera chifukwa anthu anaizindikira. Ngati muli ndi m'bale ku America kapena ku Britain amene akubwera pa Khirisimasi, mutumizireni chithunzi chake. Yatsopano ilipo, koma mtengo wake si wa wophunzira.

Yakaunjika iliyonse, kaya Acrolite kaya ina, musalipire musanaivule. Pitani ndi kiyi wanu womasulira mabawuti a ng'oma. Chotsani zikopa zonse ziwiri, muikhazike pa tebulo losalala kapena pa galasi muone ngati ikugwedera. Yezani pakamwa pake ndi tepi m'malo awiri atatu. Ngati muyeso ukusiyana, ng'omayo inapindika ndipo chikopa sichidzakhala bwino. Yendetsani chala m'mphepete monse. Kwezani ndi kutsitsa chogwirira mawaya kangapo, muone ngati chikugwira osagwa chokha. Zungulizani bawuti iliyonse ndi zala. Wogulitsa akakana kuti muivule, ndiye kuti pali chimene akubisa.

Tsono nayi nkhani imene ogulitsa sanena. Kusiyana kwa ng'oma zinayizi n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa chikopa chabwino ndi choipa. Snare zotchipa zambiri zimabwera ndi chikopa chopyapyala chimene chimachita maenje sabata zingapo zokha. Ikani Remo Ambassador Coated kapena Evans G1 pamwamba, zonse ndi za chikopa chimodzi chokhuthala 10 mil (mil ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a inchi), ndipo ng'oma yomweyo simuizindikiranso. Ngati dzanja lanu ndi lolemera, Remo Emperor ya zikopa ziwiri zophatikiza imakhalitsa. Chapansi chimakhala chopyapyala kwambiri, 3 mil, ndipo chimafuna kukungidwa ndithu kuti mawaya ayankhe msanga. Musachimenye ndi ndodo ngakhale kamodzi. Mawaya a zingwe 20 ndi okwanira. Pokunga musayende mozungulira ngati mukuwerenga nyumba: mangani bawuti iyi, kenako yoyang'anizana nayo, pang'onopang'ono, mofanana ndi mmene amamangira tayala la galimoto. Ndipo musakokere mawaya mpaka ng'oma kutsamwa, cholakwa chimene pafupifupi tonse tinayamba nacho.

Ndikaziika pamodzi, Acrolite yabwinobwino ikapezeka pa mtengo wofanana ndi yachitsulo yatsopano, Acrolite yapambana. Ikapanda kupezeka, yachitsulo ya mainchesi 14, yakuya mainchesi 5.5 kapena 6.5, ikuposa yamatabwa kwa munthu woyendayenda amene amaimba popanda maiki. Ya 5.5 imayankha msanga ndipo imapepukirako, ya 6.5 ili ndi mimba, imagunda pachifuwa.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti agawe ndalama zake patatu: magawo awiri a snare, gawo limodzi la chikopa chatsopano, kiyi ndi ndodo za saizi ya 5A. Anakwinya nkhope, chifukwa maso ake anali pa ina yakuda yodulirapo imene anaiona pa Facebook, yomwe ikanamaliza ndalama zonse. Ndamubwereka yanga yachitsulo kwa sabata ziwiri, yokhala ndi chikopa chake chakale cha maenje, ndipo chatsopano ndamupatsa padera kuti akachiike yekha Loweruka.