Katundu, ndalama za pafoni kapena bungwe: thandizo lifike bwanji kwa ovutika ku Tete?

Namondwe wa Ana atagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè mu Januwale 2022, anthu ambiri a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize anasonkha zovala, ufa ndi ziwiya kuti athandize amene nyumba zawo zinakokoloka. Mtima wopatsa ulipo pakati pathu, koma mphatso ziwiri za mtengo wofanana zingasiyane kwambiri pa zimene zimasintha m'banja lolandira, ndipo n'chifukwa chake njira zoperekera ziyenera kuyerekezedwa mosamala.

Kupereka katundu ndi njira imene timaizolowera, ndipo imakhutiritsa woperekayo chifukwa amaona ndi maso thumba la chimanga likukwezedwa m'galimoto. Ubwino wake umaoneka pamene misewu yaduka ndipo misika yatsekeka, monga zimachitikira ku Mutarara madzi a Zambezi ndi Shire akasefukira, pakuti pamenepo ndalama sizingagule chakudya chimene kulibe. Koma kunja kwa masiku oterowo, katundu amadya ndalama zambiri pa mayendedwe, amachedwa, ndipo nthawi zambiri sagwirizana ndi chosowa chenicheni. Mayi amene denga lake lasasuka sapindula kwenikweni ndi mtolo wa kaunjika, ndipo akaugulitsa motchipa kuti apeze malata, theka la mphatsoyo latayika kale.

Ndalama zotumizidwa pafoni kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh zimafika tsiku lomwelo ndipo zimapatsa banja ufulu wosankha lokha. M'madera ngati Angónia ndi Tsangano, kumene chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere zimapezeka pamsika, ine ndimaona kuti njira iyi imaposa katundu kutali, ndiponso imasiya ndalamazo m'manja mwa alimi ndi ogulitsa a komweko. Nthawi yotumizira nayonso ndi yofunika kwambiri, ngakhale kuti ambiri saiganizira. Meticais amene agula chimanga chambiri mu Meyi kapena Juni, anthu akangokolola, amagula chochepa mu Febuluwale pamene njala yafika pachimake. Ndipo ndalama ya mbewu ndi feteleza ikafika mu Okutobala, mvula isanayambe, imateteza banja ku njala ya chaka chamawa m'malo mongoliziziritsa sabata imodzi. Zovuta zake zilipo ndithu: m'midzi yakutali ya ku Marávia kapena Zumbo netiweki imavuta, ajenti amasowa ndalama zopereka, ndipo foni ikakhala ya munthu mmodzi pakhomo, ana ndi agogo sangaone phindu lake. Ndi bwino kufunsa kuti nambalayo ndi ya yani musanatumize.

Mabungwe monga Cruz Vermelha de Moçambique (Red Cross ya ku Mozambique) ndi Caritas (bungwe lothandiza la mpingo wa Katolika), komanso mipingo yathu, amachita zimene munthu payekha sangathe, monga kukumba mjigo kapena kufikira mudzi umene mulibe wachibale wathu aliyense. Gawo lina la ndalama limapita ku malipiro ndi mafuta, ndipo zimenezi si cholakwa pazokha, chifukwa galimoto yopanda mafuta sifika ku Chifunde. Funso loyenera si lakuti bungwe lagawa zinthu zingati, koma lakuti chasintha n'chiyani pambuyo pake. Maneti oteteza ku udzudzu ndi chitsanzo chabwino: ndi otchipa ndipo amapulumutsa ana ku malungo, koma neti imene yathera kugwira nsomba m'nyanja ya Cahora Bassa imawerengedwa m'lipoti ngati yoperekedwa pamene mwana akugonabe osatetezeka. Bungwe limene limabwerera patapita miyezi kukaona ngati manetiwo apachikidwa, ndi kunena poyera pamene zalephereka, ndi limene ine ndingalipatse ndalama zanga, ngakhale litakhala laling'ono ndi losatchuka pawailesi.