Maulendo atatu ku chipatala cha ziweto ndi mphaka wotsegula m'mimba

Kwathu ku Domasi mphaka sankapita ku chipatala. Wa agogo ankadya mbewa, mitu ya usipa ndi makoko a mumphika. Akadwala ankangosowa masiku atatu n'kubwera wochira, kapena osabweranso. Ndiye nditawauza achemwali anga pa WhatsApp kuti ndili pamzere wa dokotala wa ziweto kuno ku Leeds, kachitatu m'miyezi iwiri, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndalama zakukwanani eti? Mudulireni Flagyl theka, mawa adzuka ali bwinobwino." Chosekesa n'chakuti dokotala woyamba anachita pafupifupi zomwezo, kungoti iye anandilipiritsa.

Mphakayo tinamutenga kumalo osungirako amphaka osowa mwini, mwana wanga wamkazi atandiliritsa chaka chathunthu. Anali wa miyezi isanu, wofiirira ngati chigumu chopsa bwino, ndipo dzina lake linakhala lomwelo, Chigumu. Anabwera atabayidwa katemera, atamwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba, atafulidwa, ali ndi kachipangizo kaja amaika pansi pa khungu kosonyeza mwini wake, poti ku England kuno kuyambira June 2024 ndi lamulo. Mayi amene anatipatsa anatichenjezeratu kuti chimbudzi chikhoza kufewa sabata yoyamba, chifukwa mphaka akasintha nyumba ndi chakudya m'mimba mumasokonezeka. Zimenezo n'zoona, ndipo kwa amphaka ambiri nkhani imathera pomwepo. Kwa Chigumu sabata inatha, yachiwiri inatha, zinthu zikungoipiraipira.

Ndifotokoze mmene zinkaonekera, ngakhale si nkhani ya pa chakudya, chifukwa pambuyo pake ndinadzamva kuti yankho linali momwemo. Sankatulutsa madzi enieni. Chinali chofewa ngati ndowe ya ng'ombe, pang'onopang'ono koma kambirimbiri pa tsiku, chokhala ndi zonanda ngati mamina, nthawi zina ndi timadontho ta magazi ofiira. Fungo lake linkandilonjera pa masitepe ndikamachokera ku ntchito ya usiku. Kumalo otulukira chimbudzi kunafiira n'kutupa, ndipo akagona pa mpando ankasiya kadontho osadziwa. Koma mwini wakeyo osaoneka kudwala ayi. Kudya ngati wolima, kukwera makatani, kuthamangitsa mthunzi wake. Zimenezi ndi zimene zinandichedwetsa, chifukwa ndinkati wodwala sasewera chonchi.

Chipatala chimene ndikunenachi chili m'dera lathu lomwelino, mphindi khumi pa basi. Kuyamba ndi zabwino zooneka ndi maso: amphaka ali ndi mbali yawo yodikirira, kutali ndi agalu, ndipo pali shelefu yoikapo dengu kuti mphaka asakhale pansi. Amapereka kansalu kophimbira dengulo. Chigumu, amene analira njira yonse, pofika pamenepo anatonthola. Atsikana a pa kauntala ndi aulemu, ndipo sanandibwezetse dzina langa katatu monga amachitira kwina.

Ulendo woyamba unali wa mphindi khumi. Dokotala wachinyamata anamuyeza pa sikelo, makilogalamu awiri ndi pang'ono, anamupapasa m'mimba, anamukoka khungu la pakhosi kuona ngati madzi achepa m'thupi, n'kuyang'ana nkhama. Anatipatsa fenbendazole wa masiku asanu, amene amapha njoka za m'mimba komanso tizilombo totchedwa Giardia, kuphatikizapo chakudya chapadera cha m'zitini ndi timapaketi ta ufa wothira mu chakudya tobwezeretsa mabakiteriya abwino. Pamenepa sindimudandaula. Mphaka wochokera kumene ankakhala ambiri malo amodzi, Giardia ndi njoka ndiye oyamba kuwaganizira, ndipo mankhwalawo ndi osavuta. Anandifunsanso ngati timamupatsa mkaka. Ndinavomera mwamanyazi, poti kwathu mbale ya mkaka ndiye chikondi chimene timadziwa kusonyeza mphaka. Anandiuza kuti amphaka ambiri akasiya kuyamwa sagayanso bwino shuga wa mu mkaka wa ng'ombe, ndipo mkakawo pawokha umatsegula m'mimba. Tinasiya tsiku lomwelo.

Ulendo wachiwiri ndi umene unandipweteka mtima. Patatha milungu itatu palibe chasintha, ndinabwerera nditanyamula chimbudzi m'kabotolo, mwa nzeru zanga. Dokotala yemweyo sanachiyang'ane n'komwe. Anangoti tiyese metronidazole, ndiye Flagyl wa achemwali uja. Mankhwalawa ndi owawa zedi, ndipo Chigumu akangowalawa ankatuluka thovu kukamwa, mwana wanga n'kumalira kuti, "Amayi, mukumupha!" Masiku amene ankamwa chimbudzi chinalimbadi, ine mpaka kuimba nyimbo pochapa beseni. Atangomaliza, pa tsiku lachinayi, zonse zinabwerera mwakale. Ndalama ya dokotala, ya mankhwala, ya zitini zina, zonse zinapita ngati madzi a mu lichero. Chimene chinandikwiyitsa si kulephera kwa mankhwala, koma kuti botolo lija ndinabwerera nalo kunyumba m'chikwama.

Ulendo wachitatu ndinapempha dokotala wina, ndipo anandipatsa mayi wachikulire amene ndinamva kuti amakonda za amphaka. Iwowa anayamba ndi mafunso, Chigumu ali m'dengu momwemo. Kangati pa tsiku? Chambiri kapena pang'ono? Akukanika kapena chikungotuluka? Magaziwo ndi ofiira kapena chimbudzi chikuda ngati phula? Akusanza? Waonda? Kumene munamutenga ankagona ndi anzake angati? Nditayankha anandijambulira papepala matumbo awiri. Vuto likakhala m'matumbo aang'ono, chimbudzi chimakhala chambiri, chamadzi, ndipo mphaka amaonda. Likakhala m'matumbo aakulu, kumapeto, ndiye zija za pang'onopang'ono, mamina ndi magazi ofiira, mphaka akudya n'kumasewera. Chigumu anali atawonjezera thupi, osati kuonda. "Mphaka wamng'ono, wochokera pagulu, matumbo aakulu, amalekeza pa mankhwala n'kuyambiranso," anatero, akuwerenga ndi zala. Anati akukayikira kachilombo kotchedwa Tritrichomonas foetus, koma sapereka mankhwala ake asanayeze.

Dzinalo linandikumbutsa alangizi a ziweto kwathu, ndipo adokotala anavomera kuti ndi dzina lomwe alimi a ng'ombe amalidziwa, chifukwa mu ng'ombe kachilombo kameneka kamakhala m'njira yoberekera ndipo kamachititsa kupoloza. Mwa mphaka kamakhala m'matumbo aakulu. Zoti kamatsegula m'mimba amphaka zinadziwika bwino chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makamaka ndi ntchito ya ofufuza a ku North Carolina State University ku America. Pa galasi loonera tizilombo n'kosavuta kukasokoneza ndi Giardia, ngakhale kayendedwe n'kosiyana: Giardia amayenda ngati tsamba likugwa, pamene aka kamathamanga modukizadukiza. Fenbendazole sakapha, metronidazole amangokagoneka tulo. Ndiye kuti miyezi iwiri yonse tinkawombera kumene kulibe nyama.

Kuyeza kwake ndi kwa PCR, kofufuza DNA ya kachilomboko, ndipo amatumiza ku labotale ina. Apa ndiye panali ntchito. Anafuna kuti papite kaye masiku mphaka asakumwa mankhwala aliwonse, chimbudzi chikhale chofewa chenichenicho osati cha tsiku labwino, ndipo chisasakanikirane ndi mchenga wa m'beseni. Anafunanso cha masiku atatu otsatizana kuti ayezerenso Giardia ndi tizilombo tina ta m'matumbo totchedwa coccidia, chifukwa Giardia satuluka m'chimbudzi tsiku lililonse. Ndiye mundione ine, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, nditavala yunifolomu ya ku ntchito, sikisi koloko m'mawa, nditagwada pa khonde la bafa ndi supuni ya pulasitiki, kudikira mphaka amene akundiyang'ana ngati ndapenga. Agogo akanadzuka kumanda akanabwereranso okha.

Zotsatira anati zibwera pakatha sabata. Zinatenga masiku khumi ndi limodzi, ndipo palibe amene anandiimbira. Ndinaimba ndekha kawiri, kachiwiriko n'kumva kuti pepala linafika dzana, likungodikira dokotala. Ili ndi dandaulo langa lachiwiri. Lachitatu ndi la ndalama: mtengo wa kuyezako sanandiuze m'chipinda, ndinakaumva pa kauntala khadi ili kale m'manja, ndipo unaposa wa maulendo awiri oyamba kuphatikiza. Ndikanalipirabe, koma munthu amafuna kukonzekera mtima. Inshuwalansi ya milungu inayi imene tinabwera nayo ndi mphaka sinathandize, poti anati matendawa anayamba masiku oyambirira amene iwo salipira. Limenelo si vuto la chipatala, koma amene mukutenga mphaka werengani timalemba tating'onoto musanasaine.

Anamupezadi ndi Tritrichomonas, zina zonse palibe. Adokotala anandiimbira okha madzulo, ndipo anatenga nthawi. Anandiuza poyera kuti pali njira ziwiri. Amphaka ambiri kutsegula m'mimbaku kumadzatha kokha, koma zikhoza kutenga miyezi yambiri mpaka zaka ziwiri, ndipo ena amakhalabe ndi kachilomboko n'kumapatsira anzawo. Njira ina ndi ronidazole, kapisozi mmodzi pa tsiku kwa masiku 14. Mankhwalawa sanalembetsedwe kuti ndi a amphaka, choncho amaitanitsa mwapadera, mlingo amawerengera pa sikelo ya mphakayo, ndipo ndinasaina pepala lovomera. Akhoza kukhudza ubongo ndi mitsempha. Anati ndikaona akudzandira, akunjenjemera, akugona modabwitsa kapena wakana chakudya, ndisiye nthawi yomweyo n'kuimba foni, osadikira kuti mawa. Pomwetsa ndivale magolovesi, kapisozi asatsegulidwe, ndipo mwana asakhudze. Sanandikankhire mbali iliyonse. Ndinaganiza zaka ziwiri za kapeti ya landilodi, ndinasankha mankhwala.

Malangizo a ukhondo anandilembera papepala. Kachilomboka kalibe chigoba cholimba ngati Giardia, sikakhalitsa pamalo ouma, kamafalikira makamaka pa beseni limene amphaka amagawana ndi podzinyambita. Choncho kuwola chimbudzi msanga, kutsuka beseni ndi madzi otentha n'kuliumitsa, kumupukuta kumbuyo ndi kansalu konyowa. Anandiletsa mankhwala otsukira pansi aja amayera ngati mkaka ukawathira m'madzi, amene ife timawakhulupirira kwambiri, chifukwa kwa mphaka ndi poizoni akaponda n'kunyambita mapazi. Panado ndiye anachita kundigwira mkono: paracetamol, ngakhale kachidutswa, amapha mphaka. Msuzi wa ndiwo wokhala ndi anyezi kapena adyo nawonso ayi. Anandiuzanso kuti zikanakhala kuti kamphaka kakusanza, kakukana kudya, kali lefu, sitikanakhala pansi kukambirana za masabata, chifukwa matenda ngati panleukopenia amatenga mwana wa mphaka m'masiku ochepa.

Masiku 14 aja anadutsa popanda kudzandira, ngakhale ndinkamuyang'ana mayendedwe ngati mwana wongophunzira kuyenda. Chimbudzi sichinalimbe lero ndi lero. Mamina anayamba kuchepa sabata yoyamba, magazi anasowa, koma kuti chiumbike bwinobwino panapita pafupifupi mwezi, monga ananenera adokotala kuti matumbo otupa amachira mochedwa. Chakudya cha m'zitini chodula chija tinachisiya pang'onopang'ono, kusakaniza ndi chawamba kwa sabata yathunthu. Ndinaimbiranso kumene tinamutenga kuti adziwe, poti anzake aja ankagawana naye beseni, ndipo anathokoza m'malo modziteteza.

Kodi ndingatumizeko munthu? Inde, koma ndi mawu awiri. Mukamasungitsa malo nenani kuti mukufuna dokotala wozolowera amphaka, ndipo funsani mtengo wa chilichonse musanatuluke m'chipinda. Mphaka akapitirira milungu iwiri kapena itatu akutsegula m'mimba, mankhwala oyamba alephera, limbikirani kuti ayeze chimbudzi asanakupatseni ena, ndipo tchulani Tritrichomonas ndi pakamwa panu ngati wachokera pagulu. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi: mayi aja okha akanatenga zonse, koma ulendo wachiwiri uja ndi foni yosaimbidwa zadya imodzi.

Mwezi wamawa tikayezetsanso, kuti tione ngati kachilombo kanatheratu kapena kangobisala. Botolo latsopano lili kale pawindo la ku bafa, pambali pa supuni. Achemwali aja masiku ano akaimba, asanafunse za mwana, amayamba ndi kuti, "Nanga wodwala wanu uja wadzuka bwanji?"