Galamafoni ya lamba kapena yopanda lamba: Rega Planar 3 ndi Technics SL-1500C

Rega imazunguza mbale ndi lamba, choncho kunjenjemera kwa mota sikufika kwenikweni ku singano. Koma lambayo amatamuka pakapita zaka, nyimbo n'kumamveka ngati woimba watopa. Kusintha liwiro kuchoka pa 33 kupita pa 45 (maulendo omwe mbale imazungulira pa mphindi) mumachita kunyamula galasi lomwe mbale imakhalapo n'kusuntha lamba ndi zala. Mkono wake wonyamula singano, RB330, ndi chitsulo chimodzi cholimba bwino, kungoti sukwera kapena kutsika. Mukaika katiriji (kachipangizo komwe pamakhala singano) yaitali muyenera kuikira tizitsulo topyapyala pansi pa mkonowo.

Pa Technics mota imazunguza mbale mwachindunji. Liwiro mumangodina batani, ndipo 78 iliponso. Mkono umakwera mpaka mamilimita 6, mutu wake umachoka pongopotokola, ndipo imabwera ndi katiriji ya Ortofon 2M Red yofuna kulemera kwa magalamu 1.8. Pimani ndi kasikelo. Mukapepukitsa singano imalumpha n'kukala mbale. Chokuzira mawu a singano chilimo kale, pamene Rega imafuna chogula padera.

Chenjerani ndi Rega yogulidwa ku America: mota yake imayendera magetsi a 60 Hz, ndiye pa 50 Hz ya kuno imazungulira mochedwa. Wokonda kusinthasintha makatiriji atenge Technics basi.